Tayala Limodzi, Lopanda Buleki

Nkhani imene mphunzitsi wina wopuma pantchito anakambira achinyamata a m'miphakati ku Bembeke, m'boma la Dedza

 Ndikuona ena mwadzikulunga zitenje mpaka m'makutu, ena manja ali m'khwapa. Musachite nazo manyazi, chisanu cha ku Bembeke sichiopa ndevu. Ndiyesetsa kumaliza nkhungu isanatitsekere njira yobwerera kwathu. Koma ndiyambe ndi chinthu ndatsamiritsa kuthebulochi, poti chilowereni changa muno maso anu ali pa icho, mwini wake simukumuona n'komwe.

Iyi ndi njinga. Sinathyoke, ndipo palibe wandibera theka linalo. Anaipanga choncho: tayala limodzi, foloko, chishalo ndi mapedulo awiri omangiriridwa pahabu penipeni. Ilibe handulo, ilibe tcheni, ilibe fuliwiro, ilibe buleki, ilibe belu, ilibe kaliyala. Anandibweretsera ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town. Anaitsitsa m'basi, n'kuiika pakhonde panga, amvekere, "Malume, zaka zonse zija munkatikwapula mukuti palibe chosaphunzirika. Nachi, tiphunzitseni." Apo n'kuti ine nditapitirira zaka 50. Tsiku loyamba kudutsa nayo pasiteji, nditainyamula paphewa, anyamata a kabaza anasiya makasitomala n'kundizinga. Wina anafunsa, "Aphunzitsi, penshoni yavuta mpaka kugulitsa tayala?" Mnzake anati, "Mukalipeza linalo mubwere, tidzakumangirani ulere."

Chinthuchi chili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1870, ku England kunatchuka njinga ya tayala lalikulu kwambiri kutsogolo ndi katayala kakang'ono kumbuyo. Ankaitcha penny-farthing, pofanizira ndi ndalama ziwiri zachitsulo, yaikulu ndi yaing'ono. Wokwera ankakhala pamwamba pa tayala lalikululo, ndipo likagunda mwala, katayala kakumbuyo kankanyamuka, munthu n'kugwa chamutu. Zikuoneka kuti okwera ena olimba mtima anazindikira kuti akhoza kuyendabe katayalako kali m'malere, mpaka anangokachotseratu. Njinga yomwe ife tikuidziwa, ya matayala awiri ndi tcheni, inadzabwera m'chaka cha 1885 kuchokera kwa John Kemp Starley wa ku Coventry, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anawonjezera tayala lopopa mpweya. Imeneyo ndiyo inafalikira dziko lonse mpaka kudzanyamula matumba a kachewere kuno kwathu. Ya tayala limodziyi inatsalira kwa ochita zisudzo, ndipo kuyambira mu 1984 okwera ake amachita mpikisano wa dziko lonse. Mnyamata wina wa ku Somerset ku England, dzina lake Ed Pratt, ananyamuka kwawo pa njinga yotereyi m'mwezi wa Marichi 2015 ali ndi zaka 19, anadutsa ku Ulaya, Asia, Australia, New Zealand ndi America, n'kubwerera mu Julayi 2018 atapalasa makilomita opitirira 30,000. Tsono musamati n'chidole.

Ine sindinapite kutali choncho. Ulendo wanga unayambira pakhoma la nyumba yanga, mbandakucha, anthu asanadzuke, kuopa kusekedwa. Zidzukulu zinandigwira tsiku lachitatu, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti agogo ayamba misala. Zipsera zili pamsongolopa ndi umboni. Zimene ndikambe lero ndinazitola pakhoma limenelo, ndipo zonse zikuzungulira pa mfundo imodzi, imene ndinachedwa kuimvetsa ngakhale ndinaphunzitsa ana zaka zambiri: kuima ndi ntchito.

Poyamba ndinkaganiza kuti pali malo ena ake pakatikati, oti ukangowapeza basi wakhazikika, ukhoza kupuma. Ndinawafunafuna masabata awiri. Malowo kulibe. Panjinga yathu ya masiku onse, matayala awiri amakuchotsera theka la ntchito: sungagwe chamutu kapena chagada wamba, chako n'kusamala kumanja ndi kumanzere. Pa iyi mbali zonse n'zotsegula. Munthu amene mumamuona atakwera mowongoka bwino, zoona zake n'zakuti akugwa nthawi yonseyo. Thupi likapendamira kutsogolo, amapalasa kuti tayala lithamangire kunsi kwake. Likapendamira kumbuyo, amachepetsa liwiro kuti thupi lilipeze tayala. Ngakhale akafuna kukhala pamalo amodzi, sangaume ngati chitsa. Amapalasa theka kutsogolo, theka kumbuyo, ngati mayi wotonthoza mwana. Akangoti ndafika, ndiye kuti ali pansi.

Mukudziwa kale zimenezi, kungoti simunazipatse dzina. Ndani sanaimikepo nsungwi kapena mpini wa khasu pachikhatho ali mwana? Nsungwi imaima chifukwa dzanja silikhala chete. Imati ipite uku, dzanja latsogola kale. Ngakhale thupi lanu lomweli limatero. Mukafika kunyumba, muime ndi mwendo umodzi, kenaka mutsinzine. Mudzamva kakolo akugwira ntchito imene simunamulembe. Mlengi anatiikira zinthu zitatu zotichenjeza: maso, mapazi omva pansi, ndi tinjira titatu tamadzi tobisika m'kati mwa khutu lililonse timene timauza ubongo kuti mutu wapendama. Zitatuzi zimanong'onezana usana wonse ife osadziwa. Kachasu akalowa amasokoneza kunong'onezana kumeneku, n'chifukwa chake woledzera amayenda dzandidzandi pamsewu wosalala bwinobwino, iye n'kumaumirira kuti msewu ndiwo wakhota.

Nanga chikhulupiriro? Inu achinyamata mumawaona agogo aja osajomba Misa yam'mawa ngakhale mu Julayi, chisanu chikuluma zala, mumvekere, "Amenewa ndiye anafika. Sakayika, savutika." Mumadziyerekeza ndi iwo, n'kudziona olephera chifukwa mtima wanu umapendama: lero pemphero likukoma, mawa lili ngati kutafuna gaga. Akakhale nawo pansi agogowo, muwafunse bwino. Adzakuuzani za ana amene anaika m'manda, za zaka zimene mbewu zinapsa m'munda, za usiku umene anamufunsa Mulungu mafunso oti sangawabwereze pagulu. Iwonso amapendama. Chimene anaphunzira n'kubwerera. Taonani mayi wosenza ndowa yodzaza kuchokera kumjigo, mwana ali kumsana, njira ili yoterera. Mukamuona patali mumati mutu wake suyenda. Muyandikireni: khosi likusewera pang'onopang'ono, chiuno chikuyankha, madzi osatayika. Wouma khosi ndiye amataya madzi. Mawu amenewo muwasunge, amagwira ntchito kumjigo, m'banja ndi mumpingo momwe.

Tsono kusiyana kwa katswiri ndi wophunzira kuli pati, ngati onse akupendama? Kuli pa nthawi. Katswiri amabweza akangopendama pang'ono, mwakuti woonerera saona kanthu. Wophunzira amazindikira mochedwa, thupi litapita kale, ndiye amadzikoka ndi mphamvu zonse, n'kukagwera mbali inayo. Ine ndinagwa kambiri chifukwa chobweza mopitirira muyeso kuposa chifukwa cha mwala. M'moyo ndi chimodzimodzi. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndithetsa banja langa, kapena lero ndikhala wakuba. Zimayamba ndi kauthenga kamodzi ka pafoni kamene sungafune kuti mkazi wako akaone. Zimayamba ndi K500 ya mphakati imene wabwereka osauza munthu, uli ndibweza Loweruka. Zimayamba ndi kubetcha kamodzi pa mpira, kongoyesa mwayi. Zimayamba ndi kusalonjerana ndi mbale wako tsiku limodzi chifukwa cha malire a dimba. Pamenepo kubweza n'kotchipa: mawu amodzi oti pepani, ndalama yobwezedwa msanga, nambala yofufutidwa. Ukadikira chaka, mtengo wake ndi bwalo la amfumu.

Makolo athu mumpingo anatisiyira chizolowezi chabwino chimene ambiri tachitaya, chofufuza mumtima madzulo tisanagone: lero ndapendamira kuti? Sakramenti la kulapa nalonso tisalisandutse chipatala cha ovulala pangozi okha. Ndi la munthu amene akadali pachishalo koma wamva kuti thupi layamba kupita. Ndipo chenjerani ndi kubweza mopitirira. Ndaona mnyamata akuchoka kumowa lero, mawa ali kuphiri kusala kudya sabata yathunthu, akudzudzula mayi ake omubala kuti ndi achikunja, mwezi wotsatira ali kumowa konkuja, moipa kuposa kale. Anachoka m'dzenje la kumanzere n'kudumphira la kumanja. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa nsungwi ija pali chinanso chodabwitsa. Yesani kuimika pensulo pachikhatho, kenaka muyese nsungwi yaitali. Yaitali ndiyo yosavuta, chifukwa chinthu chachitali chimayamba kugwa mochedwa, chimakupatsa mpata. Ife a ku Dedza, kumene Achewa ndi Angoni tinasakanikirana kalekale, tili ndi mphunzitsi wa zimenezi pabwalo la gule. Za kudambwe sindilowamo, si zanga. Ndikunena zimene aliyense amaona ndi maso. Makanja akatulukira, mutu uli kudenga, muyang'ane kumapazi: sapondetsa malo amodzi, amangoti apa, apa, apa, ngakhale ng'oma itapuma. Gule Wamkulu ameneyu bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo amene munapitako ku Mua, kumalo a zachikhalidwe a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukudziwa kuti chilombo chilichonse chili ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Ine chimene ndimatolapo pa Makanja ndi ichi: wokwezedwa pamwamba alibe ufulu woima chilili. Ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, anamwino, makhansala, ansembe, mafumu. Kugwa kwa munthu wapamwamba kumayamba mwakachetechete, iye osamva, anthu n'kumamuombera m'manja. Mpata wobwerera amakhala nawo wautali kuposa ena, koma akaunyozera, pofika pansi mudzi wonse umamva kugunda kwake. Mukadzakwera, mudzasunge pafupi munthu mmodzi wosakuopani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndibwerere kukhoma kwanga. Masiku oyamba ndinkatopa modabwitsa. Mamita khumi okha, ntchafu zili moto, thukuta lili kamukamu m'chisanu chomwechi. Chifukwa chake ndinachipeza mochedwa: sindinkakhala pachishalo. Matako ankangochikhudza, koma thupi lonse linali pamapedulo, miyendo ili gwa, kukonzekera kudumpha. Mantha ndiwo ankandiimiritsa. Tsiku limene ndinalolera kutula thupi lonse pachishalo, tayala linasiya kunjanja, miyendo inapepuka, ndipo ndinadutsa khonde lonse. Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino kuvomera ndi kutsamira. Ukhoza kuvomera kuti mpando ndi wolimba uli chiimire. Akhristu ambiri tili choncho: Lamulungu tapereka nkhawa zathu kwa Mulungu, potuluka m'tchalitchi tazitolanso pakhomo. Bizinesi taipempherera, komabe kachithumwa kali pansi pa thebulo la malonda, kuti mwina kwina kukalephera kwina kugwire. Mapanga awiri avumbwitsa. Kutopa kumene ena timakutcha mtanda si mtanda ayi, ndi mantha a munthu wokana kukhala pansi.

Koma musandimve molakwa. Kukhala pachishalo si kugona. Thupi lili pachishalo, miyendo ikupalasa, zonse nthawi imodzi. Mlimi wa kachewere amene wapemphera n'kusiya kupopera mankhwala mvula ya nkhungu ikugwa, chiwawu sichimufunsa kuti ndi wa mphakati uti. Wophunzira amene wayatsa kandulo kwa Amayi Maria n'kutseka buku, mayeso a Fomu 4 adzamuuza zoona. Kulemera kwa moyo wako kupereke kwa Mulungu, koma mapedulo ndi ako.

Kenaka linafika tsiku losiya khoma. Khoma ndi labwino, popanda ilo sindikanakwera n'komwe. Koma lili ndi msampha wake: ukalizolowera, thupi limaphunzira kupendamira komweko, ndipo umasanduka katswiri woyenda m'mbali mwa nyumba yako. Kuti upite pabwalo, uyenera kuchita chinthu chimene thupi lonse limakana, kupendamira kutsogolo dala, kulola kugwa kuyambe, kenaka n'kupalasa. Ulendo uliwonse panjingayi umayamba ndi kugwa kovomera. Wodikira kuti mantha athe kaye adzakalambira pakhoma.

Mpingo wathu womwe uno unadutsa pamenepo. Ansembe a White Fathers anatsegula Mua m'chaka cha 1902, kunsi kwa phiri kotentha kuja, ndipo mu 1910 anakwera kudzatsegula mishoni ino ya Bembeke. Kwa zaka zambiri iwo ndiwo anali khoma. Koma mu 1937 Cornelius Chitsulo anadzozedwa unsembe, Mmalawi woyamba mu Mpingo wa Katolika, ndipo patatha zaka 20, mu 1957, anadzozedwa uepiskopi kuti atsogolere Dedza, Mmalawi woyambanso pa udindo umenewo. Taganizani: analibe Mmalawi mnzake womutsogolera woti amuonere. Wina akanati dikirani kaye, nthawi sinakwane. Tchalitchi lalikulu la dayosizi limene tikuliona panjapa likukumbutsa kuti panapezeka munthu wolola kuchotsa dzanja pakhoma. Inunso chikhulupiriro cha makolo anu ndi khoma labwino. Koma tsiku likubwera, mwina lafika kale, loti mudzakhale nokha ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, kopanda mayi okudzutsani Lamulungu m'mawa, kopanda katekisti wodziwa dzina lanu. Kumeneko ndiko kudzadziwike ngati munaphunzira kukwera kapena munkangoyedzamira.

Pochoka pakhoma, maso ndiwo amapulumutsa. Wophunzira aliyense amafuna kuyang'ana tayala. Ukangoweramitsa mutu, msana umapindika, thupi limatsatira maso, ndipo kumene wayang'anako ndiko ukupita. Ine ndinasankha mtengo wa pichesi uli kumapeto kwa bwalo langa, n'kuuza maso kuti musachoke pamenepo. Miyala ndinkaimva ndi mapazi, osaiyang'ana. Mukukumbukira nkhani ya Petulo m'mutu 14 wa Mateyu. Anatuluka m'ngalawa usiku, namondwe ali pakati, ndipo anayendadi pamadzi. Mphepo inalipo asanatuluke, inalipo akuyenda; chimene chinasintha ndi kumene anaika maso. Koma anthu pokamba nkhaniyi amathamangira kumudzudzula Petulo, n'kuiwala kuti anzake khumi ndi mmodzi anatsala atagwira khoma. Amene anamira ndi yemweyo amene anayenda, ndipo ndi yekhayo amene anadziwa kulimba kwa dzanja limene linamugwira.

Tsopano za kugwa, poti mudzagwa. Chinthu chimene chinandidabwitsa n'chakuti panjinga iyi kugwa kwambiri kumathera pamapazi. Ulibe handulo yokukola, ulibe felemu yokupinga miyendo. Ukamva kuti zakanika, umangotsika n'kuthamanga masitepe awiri atatu, njinga n'kugwa payokha kumbuyo. Zipsera zanga zonse ndinazipeza masiku amene ndinkayesa kuipulumutsa njingayo, kuopa kuti chishalo chingakalike. Wokakamira chitsulo ndiye amagwa nacho. Pali zinthu m'moyo zoti zikayamba kugwa uzisiye zigwe, iwe utsale: chibwenzi chimene chikukukokera kuphompho, bizinesi imene yasanduka ngongole ya katapira, udindo umene ukuusunga ndi bodza, ngakhale dzina labwino limene ukuliteteza pobisa tchimo. Njinga imawongoledwa kwa amakaniko. Msana ukathyoka ndi nkhani ina.

Kunsi kuja ku Mua kunabadwa munthu wina m'chaka cha 1933, Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iye ndi mmodzi mwa amene analimbikitsa kwambiri miphakati imene yatisonkhanitsa lero. Boma la nthawi imeneyo linakayikira timagulu ta akhristu tokumana m'midzi, ndipo mu 1976 anakakamizika kutuluka m'dziko lake. Mu 1979 anatula pansi udindo woyendetsa dayosiziyo. Pamaso pa anthu kumeneko kunali kugwa kwa Makanja. Koma anatera pamapazi. Anakapitiriza maphunziro ku Berkeley ku America, anaphunzitsa zaka zambiri ku Birmingham ku England, ndipo zinthu zitasintha anabwerera kudzaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndipo anamwalira mu 2012. Mpando unapita, munthu anatsala, ndipo miphakati ilipo mpaka lero. Petulo uja nayenso anadzagwa koopsa pabwalo la mkulu wa ansembe, pomukana Mbuye wake katatu. Yudasi anagwa usiku womwewo. Kusiyana kwawo sikunali pa kukula kwa tchimo. Mmodzi anadzuka n'kubwerera kwa anzake, winayo anapita yekha.

Mundifunse kuti malo ovuta kwambiri panjingayi ndi ati, mudzayembekeza kuti nditi chitunda. Ayi, ndi mtsetse. Panjinga ya matayala awiri mtsetse ndi phwando: umasiya kupalasa, fuliwiro ikulira, mphepo ikukupepesa. Iyi ilibe zimenezo. Tayala likazungulira, mapedulo azungulira, ndipo buleki yako ndi miyendo yako yomwe. Ukalekerera pang'ono, mapedulo amakuthawa. Madalaivala amene amatsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti amadziwa kuti pokwera injini imalira koma mtima uli m'malo. Potsika ndi pamene amakhala chete. Mwaziona nokha kuno kwathu. Mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, tchalitchi limadzaza ndipo mabanja amagwirana. Kachewere akakumbidwa, malole a ku Blantyre ndi ku Lilongwe atandanda pamsika, thumba likatupa, ndi pamene bambo amasowa pakhomo masiku atatu, ndi pamene mnyamata amagula foni yachiwiri fizi ya mlongo wake isanalipidwe. Njala yagwetsa anthu, inde, koma ndalama ya mwezi umodzi yagwetsa amene njala inawalephera. Zikamayenda bwino, limbitsani miyendo.

Ndayitamanda mokwanira njingayi, tsono ndinene cholakwa chake, chifukwa mphunzitsi wobisa zofooka za phunziro lake ndi wamalonda. Anyamata a kabaza aja sanalakwe kundiseka. Njinga iyi singanyamule munthu. Singatengere mayi woyembekezera kuchipatala usiku, singafikitse thumba la feteleza kumunda, singaperekeze mwana kusukulu. Imaphunzitsa kudzigwira, n'kuthera pomwepo. Ngakhale Ed Pratt uja, ulendo wake unapeza tanthauzo chifukwa ankasonkhanitsa ndalama za bungwe la School in a Bag, logulira ana osowa zikwama ndi zipangizo za sukulu. Chikhulupiriro chongodziyang'anira wekha, choti ine ndisagwe, ine ndikapulumuke, chimafanana ndi chisudzo: anthu amaombera m'manja, koma palibe amene wafika kwawo chifukwa cha iwe. Paulo polembera Agalatiya anaika zinthu ziwiri m'mutu umodzi, wa 6: kuti aliyense ali ndi katundu wake woti asenze yekha, komanso kuti tizithandizana mitolo yolemera. Choyambacho ndi tayala limodzi. Chachiwiricho ndi kaliyala. Wakabaza amene sadziwa kudzigwira adzagwetsa kasitomala, ndipo katswiri wodzigwira wopanda kaliyala adzafika yekha. Muphunzire kuima kuti mudzathe kunyamula ena.

Ndipo ndiulule chimene ndinabisa poyamba paja. Ndinati ndinaphunzirira pakhoma, koma khoma silinandifikitse pamtengo wa pichesi. Zidzukulu zomwe zinkandiseka zija ndizo zinandifikitsa. Wina anaima kumanja, wina kumanzere, ine manja pamapewa awo, iwo akuyenda, ine ndikupalasa. Tsiku lina ndinangozindikira kuti mapewa aja palibe, ana atsala kumbuyo akukuwa, "Agogo, musacheuke!" Mphunzitsi wa zaka zambiri, kuphunzitsidwa ndi ana a Sitandade 5. Tayala limodzi lomwe timalidziwa bwino kuno ndi la wilibala, ndipo nalo silipita kulikonse popanda munthu wogwira zigwiriro. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati wanu ndi mapewa amenewo. Musaujombe poganiza kuti mwakula, ndipo mnzanu akasowa milungu iwiri musadikire kumva kuti wagwa. Pitani mukamuone akadali kupendama.

Achinyamata anzanga, poti lero mwandilola kukhala mnzanu, sindikukupemphani kuti mukagule njinga yotereyi. Ndalamazo mukagulire mbewu. Ndikukupemphani zinthu zochepa. Musadzione otayika chifukwa mtima wanu umagwedezeka, poti wamoyo aliyense amagwedezeka. Madzulo ano, musanafunde bulangete, dzifunseni kumene mwapendamira, ndipo ngati pali munthu woti mumupepese, kapena ndalama yoti mubweze, musadikire Lamulungu. Musagone mutapendama.

Tikatha pemphero lotsekera, njingayi ndituluka nayo pabwalo la mpira. Amene akufuna kuyesa abwere, atsikana ndi anyamata omwe, koma aliyense abwere ndi anzake awiri oti amubwereke mapewa. Wobwera yekha sindimukweza.